Mpaka Pomwe Msewu Wathera

Zaka makumi atatu ndi ziwiri, Anselmo,
tinkasinthana bedi ngati alonda a pachipata.
Iwe unkadzuka kudakali mdima
kukayendetsa basi m'misewu ya Temuco,
ine ndikulowa kuchokera ku wodi, yunifolomu ikununkha mankhwala,
n'kudzipinda m'kadzenje kofunda komwe thupi lako lasiya.
Fungo lako ndinkalidziwa kuposa nkhope yako.

Lero taonani nkhalamba ziwiri
m'kagalimoto kopanda wailesi,
tenti yobwereka, poto mmodzi,
ndi mapu ong'ambika penipeni pa dzina la Coyhaique.

Ku Conguillío nthaka inali phulusa lakuda la phiri lophulika,
zikhomo za tenti zinakana kugwira,
tinamangirira zingwe ku miyala.
Mitengo ya araukariya inatiimirira pamwamba
ngati maambulera a anthu odikira basi.
Usiku umenewo ndi pomwe ndinadziwa
kuti umabwebweta m'tulo.
Umatchula masiteji onse, limodzilimodzi, osadumpha:
msika, chipatala, mlatho, manda.
"Sunthirani kumbuyo," unatero, n'kundikankha ndi chigongono.
Ndinaluma bulangeti kuti ndisaseke.

Kenako pantoni, kenako ina,
kenako mvula.
Ku Queulat inagwa masiku asanu ndi limodzi,
masokosi sanaume, buledi anachita nkhungu.
Madzi oundana olenjekeka paphiri aja,
omwe tinawayendera ulendo wonsewu,
tinangowamva kuseri kwa mtambo
akugumuka ngati nyumba yosanja.
Mtambo utang'ambika pang'ono ndinawaona, obiriwira ngati mtsempha wa pamkono.
Iwe unali utawerama, ukumanga nsapato.

Tinakangana chifukwa cha machesi onyowa.
Si machesi ayi, tonse tinkadziwa.
Makilomita mazana awiri a msewu wamiyala
tili duu,
mawayipa okha akukambirana.

Tayala linaphulika dzuwa litalowa.
Unagwada m'matope ndi jeke,
ine ndikuunikira ndi tochi
monga ndinkaunikira madokotala magetsi akazima.
"Dzanja lako silinjenjemera," unatero.
"Silinayambe lanjenjemerapo," ndinayankha.
"Kungoti nthawi imeneyo iwe umakhala uli mtulo."
Unamanga nati yomaliza nthawi yaitali kuposa momwe inafunikira.

Ku Cerro Castillo nsonga za phiri zinali ngati mano a macheka.
Yasna, mtsikana woyang'anira paki,
anatipatsa tiyi wowawa wa mate m'kachikho kamodzi,
kachubu kachitsulo kakuzungulira pakamwa pa tonse atatu.
Anatiyang'ana mmene timalimbanirana chipewa chimodzi,
n'kufunsa ngati tangokwatirana kumene.
Iwe unatsamwa.
Ine ndinati, "Pafupifupi."

Mphepo ya kum'mwera ilibe ulemu.
Inathyola mzati wa tenti, tinaumanga ndi bandeji,
inauluza mapu athu kupita nawo ku Argentina.
Msewu unali umodzi basi, sitinawalire.
Usiku wozizira kwambiri tinalumikiza zikwama zogonera,
mawondo ako kumbuyo kwa anga,
ndipo ndinazindikira kuti masiteji asintha.
Unati: Queulat. Mlatho. Machesi.
Kenako dzina langa, Nélida,
ngati malo oti basi iime.

Tsiku la makumi anayi ndi chimodzi msewu unathera m'nyanja.
Panalibe chipata, panalibe wotilandira,
kachikwangwani kathabwa, bwato lomangirira,
ndi mbalame yaikulu yakuda ikuzungulira osakupiza mapiko.
Unazimitsa injini.
Unakweza maso pagalasi loonera kumbuyo,
chizolowezi cha zaka zonse zija,
kuona ngati onse atsika.
Munali poto, tenti yonyowa, ndi theka la nkhope yanga.

"Mayi, tafika kumathero. Simutsika?"

Ndinavula nsapato, n'kuika mapazi pa dashibodi.
Kunja madzi ankamenya miyala.
Mafuta anatsala ochepera theka,
ndipo kunyumba kunali kutali ngati mmene tinabwerera.